ZIMENE MAPAZI ANENA

Mlenje wodziwa nchito yace asanaone nyama ndi maso, ayamba kuwerenga mapazi ace. Akafika pa dambo m'mamawa, awerama nayang'ana m'matope. Akapeza kuti phazi limodzi la njati silinalowe pansi monga anzace atatu, adziwa kuti njatiyo yapweteka mwendo, ndipo ayenda mocenjera, pakuti njati yolasidwa iri yoopsa. Momwemonso mai pa mudzi azindikira mwana wace ali patali cifukwa ca mayendedwe ace. Mwanayo akamatsimphina, mai afunsa msanga kuti, "Waponda ciani, mwanawe?" Madokotala nawonso aphunzira zambiri za thupi la munthu poyang'ana m'mene ayendera.

Phazi la munthu liri ndi mafupa 26 ndi mfundo 33. Munthu wopanda nthenda akamayenda, cidendene ndico ciyamba kugunda pansi. Pamenepo kulemera kwa thupi kutsata m'mbali mwa phazi kufikira pansi pa zala, ndipo potsiriza cala cacikulu cikankha nthaka, phazi ndi kunyamuka. Nthawi ya kuyendayo ikagawidwa pa 10, magawo 6 phazi liri pansi, ndipo magawo 4 liri m'mwamba. Koma munthu wakumva kuwawa safuna kukhalitsa pa mwendo wodwalawo, aunyamula msanga. Kutsimphina ndi kumeneko.

Zinthu izi zicitika mofulumira kopambana, kotero kuti maso sangathe kuziona zonse. Cifukwa cace anthu anzeru anafuna njira yakuti phazi lidzilembere lokha mbiri yace. M'caka ca 1872, mu mzinda wa Paris, Gaston Carlet anayesa nsapato zokhala ndi timatumba ta mpweya kunsi kwace. Munthu akaponda, mpweya unali kuthawira m'timipope ta mpira, ndi kukagwedeza kanthu kolembera pa pepala. Mizere ya pa pepalapo inasonyeza nthawi imene cidendene cinagunda pansi, ndi nthawi imene zala zinanyamuka.

Phindu lalikulu la nzeru imeneyi linaoneka pa odwala khate. Kale anthu ambiri anaganiza kuti khate lidya zala ndi mapazi. Dokotala Paul Brand, amene anayamba nchito ku Vellore, m'dziko la India, m'caka ca 1946, anasonyeza kuti coonongeka kweni-kweni ndiyo mitsempha yomvera ululu. Ululu ndiwo mlonda wa thupi. Munthu wamoyo bwino akaponda munga aima nauzula. Koma amene phazi lace lacita dzanzi angathe kuyenda tsiku lonse ndi kamwala mu nsapato osadziwa konse. Madzulo pali thuza, thuza lisanduka cilonda, ndipo popeza iye apondabe pomwepo, cilondaco cilowa mpaka pa pfupa.

Pambuyo pace Brand anasamukira ku Carville, ku America, ndipo kumeneko iye ndi anzace anapanga masokosi okhala ndi timikanda tating'ono-ting'ono todzala ndi utoto. Pamene phazi linapsinja kwambiri, timikandato tinali kusweka, ndipo utoto unadetsa sokosi. Wosoka nsapato poona banga limenelo anadziwa pofunika kukonza, kuti kulemera kufalikire phazi lonse. Masiku ano khate licizika ndi mankhwala, koma nthenda ya shuga nayonso iononga mitsempha ya m'mapazi, ndipo anthu ambiri adulidwa mwendo cifukwa ca kacilonda kamene sanakamve.

Tsopano m'malo mwa mpweya ndi utoto muli tizipangizo ta magetsi, tochedwa masensa. Tiikidwa m'kacikopa kopyapyala kamene kayalidwa m'kati mwa nsapato, kapena timangidwa pa kakolo ndi m'cuuno. Tina timva kulemera, tina timva kugwedezeka ndi kutembenuka kwa phazi, monga kaja ka m'foni ya m'manja kamene kawerenga mapazi a mwini wace. Tina tiyesa nthawi 100 pa sekondi imodzi, ndi kutumiza mawerengedwe ace ku foni kapena ku kompyuta popanda waya.

M'mawerengedwe amenewa dokotala apeza zinthu zitatu. Coyamba, aona malo a phazi amene ali kupsinjika mopitirira, ndipo wodwala shuga acenjezedwa cilonda cisanabuke. Caciwiri, ayerekeza mwendo wamanja ndi wamanzere. Munthu amene anathyoka mwendo, kapena amene anafa ziwalo mbali imodzi, akamacira miyendo yace iyambanso kufanana pang'ono-pang'ono. Cacitatu, ayesa liwiro. Munthu wamkulu wamphamvu ayenda mtunda woposa mita imodzi pa sekondi. M'caka ca 2011 madokotala a ku America anafalitsa zimene anapeza pa okalamba oposa 34,000, a zaka 65 ndi kupitirira: oyenda mofulumira anakhala ndi moyo zaka zambiri koposa oyenda pang'ono-pang'ono. Si kuti liwiro liri mankhwala ai, koma poyenda mtima, mapapo, minofu ndi ubongo zigwira nchito pamodzi, ndipo cimodzi cikafooka mapazi anena.

Ubwino wina ndi uwu: pa maso pa dokotala munthu ayenda mapazi owerengeka, ndiponso mosamala, koma nsapato ipita naye ku munda ndi ku msika, niona m'mene ayendera atatopa.

Komabe tizipangizo timeneti tiri ta mtengo wapatali, ndipo siticiza munthu. Nchito yace ndiyo kucenjeza basi. Kucenjezako mwana wa sukulu angathenso kukucita popanda ndalama. Ngati pa nyumba pali agogo odwala shuga, mdzukulu angathe kuwayang'ana mapazi madzulo ali onse, kunsi ndi pakati pa zala, pakuti okalamba abvutika kuwerama. Angathe kukutumula nsapato zao asanabvale, ndi kuyesa madzi osamba ndi dzanja lace kuti asawaoche. Akaona thuza, kutupa kapena mng'alu, auze akulu kuti apite nao ku cipatala tsiku lomwelo. Makolo anati, "Kuona maso a nkhono nkudekha." Mlenje, dokotala ndi mdzukulu, onse apulumutsa moyo mwa kuyang'anitsitsa.

MAFUNSO

1. Kodi mlenje adziwa bwanji kuti njati yapweteka mwendo?
2. Fotokozani m'mene phazi ligundira pansi, kuyambira pa cidendene.
3. Cifukwa ninji ululu uchedwa mlonda wa thupi?
4. Masokosi a Paul Brand anathandiza bwanji wosoka nsapato?
5. Chulani zinthu zitatu zimene dokotala apeza m'mawerengedwe a masensa.

ZOCITA

Salazani mcenga pa bwalo la sukulu, ndipo mmodzi ayendepo wopanda nsapato. Onani pamene phazi lalowa kwambiri. Ayendenso motsimphina, ndipo mulembe kusiyana kwace. Pambuyo pace yesani mamita 10, ndi kuwerenga masekondi amene yense atha poyenda monga mwa masiku onse.