PHUNZIRO 7: POSINTHA MABULEKI, TIONENSO ZIWALO ZINA

Cholinga cha phunziroli

Kuthandiza eni matola ndi makomiti oyang'anira galimoto ya parishi kapena ya gulu kudziwa zoyenera kufunsa kwa makanika pa tsiku losintha mabuleki.

Mau oyamba

Galimoto za kuno zimagwira ntchito yolemetsa. Pikapu imodzi yomweyo imanyamula fodya ndi chimanga ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, mawa lake nkuthamangitsa wodwala ku chipatala cha St. Gabriel ku Namitete. Fumbi la chilimwe ndi matope a dzinja zimadya mabuleki msanga. Tsono ikalowa mu msewu wa M12, pa Mpingu kapena pa Namitete, imakumana ndi ana a sukulu, njinga ndi ngolo. Pamenepo moyo wa anthu uli pa mabuleki.

Ambiri amangogula mapadi atsopano basi. Koma taganizani: tayala likachotsedwa, ziwalo zina zonse zili poyera. Mukaziona tsiku lomwelo, makanika mumlipira kamodzi. Mukazisiya, mudzamlipiranso, mwinanso galimoto itakuferani panjira.

Zoyenera kuona

1. Mbali zonse ziwiri. Mapadi asinthidwe kumanja ndi kumanzere nthawi imodzi. Kusintha mbali imodzi kumachititsa galimoto kukokera kumbali poima.

2. Madisiki. Awa ndi malo amene mapadi amagwira. Ngati ali ndi mizere yakuya kapena apyapyala kupyola muyeso wolembedwa pa disikipo, asinthidwe, chifukwa adzadya mapadi atsopanowo.

3. Mabuleki akumbuyo. Mapikapu ambiri monga Toyota Hilux ali ndi madilamu kumbuyo. Makanika atsekule, aone mashuzi ndi masipuling'i. Akapeza chinyontho pa kasilinda ka m'katimo, ndiye kuti kakudontha. Akonzenso handibuleki.

4. Mafuta a mabuleki. Mafutawa amamwa chinyezi pang'onopang'ono. A mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano amawira pa madigiri osachepera 205, koma akamwa madzi angathe kuwira pa 140. Akawira pamtsetse, phazi limangolowa pansi galimoto osaima. Choncho asinthidwe pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo botolo likhale losatsekula kale.

5. Mapaipi. Arabala asakhale ong'aluka kapena otupa. Achitsulo asakhale adzimbiri.

6. Maberingi ndi mapini. Tayala likamagwedera pogwedeza ndi manja, maberingi aonedwe. Mapini amene mapadi amayendapo atsukidwe ndi kupakidwa girisi woyenera, koma girisi asakhudze mapadi kapena disiki.

7. Matayala. Mabuleki abwino sapindula kanthu pa tayala losalala.

Tichenjere: fumbi la mabuleki tisaliuzire ndi pakamwa kapena ndi mpweya wa pampu, chifukwa ndi loipa m'mapapo. Tipukute ndi nsalu yonyowa.

Ntchito ikatha

Dalaivala aponde buleki kangapo galimoto isananyamuke, mpaka ilimbe. Ayambe ayesa pamalo popanda anthu. Masiku oyamba aziima mofatsa kuti mapadi akhazikike. Atayenda pang'ono, aonenso ngati manati a matayala ali omangika.

Udindo wathu

Lamulo la pamsewu la chaka cha 1997 limafuna kuti galimoto yoyenda pamsewu ikhale yabwino, ndipo mabuleki ndi chimodzi mwa zimene amayesa asanapereke chiphaso cha COF. Komabe pepala siliimitsa galimoto. Mmera mpoyamba: kuona lero nkotchipa kuposa kulira mawa.

Ngati galimoto ndi ya gulu, ndalama zake ndi za anthu. Komiti itume anthu awiri ku galaja. Afunse mtengo ntchito isanayambe, alandire lisiti, atengenso ziwalo zakale kukaonetsa ku msonkhano. Msungichuma alembe m'buku tsiku, makilomita ndi zonse zimene zasinthidwa. Nafenso okwera tili ndi ufulu wolankhula: tikamva chitsulo chikukhuta chinzake poima, kapena tikaona dalaivala akupopa buleki kawiri katatu kuti aime, tiyeni timuuze mwaulemu, ndipo ngati samva, titsike.

Mafunso okambirana m'mphakati

1. Kodi galimoto imene imanyamula odwala athu inaonedwa liti mabuleki?

2. Nanga ndani amasunga malisiti ndi buku lake?

3. Tingaike padera ndalama zingati pa ulendo uliwonse kuti tsiku lokonza lisatidzidzimutse?