Mpando ndi mphasa

Pa maliro ambiri kwathu kuno munthu sachita kufunsa kuti wolemekezeka ndani. Amangoyang'ana amene wapatsidwa mpando mu tenti ndi amene wakhala pa mphasa padzuwa. Polengeza chipepeso, wopereka zambiri amatchulidwa dzina ndi maudindo ake onse, pamene mayi amene wabwera ndi mtolo wa nkhuni pamutu amalowa m'gulu la "ndi ena ambiri".

Kusanja anthu kotereku, ena pamwamba ena pansi potengera chuma, sukulu ndi mtundu wa ntchito, sikuthera pa zimene munthu ali nazo m'thumba lero. Kumasankha sukulu imene mwana adzapiteko, banja limene adzakwatireko, ngakhale amene adzamumvetsera akaimirira pa msonkhano. Ku Lilongwe, Mtandire ndi Area 47 n'zoyandikana, munthu amayenda wapansi. Koma mwana wobadwira uku ndi wobadwira uko amayamba moyo ngati a m'maiko awiri. Choopsa n'chakuti timazolowera, mpaka waganyu amayamba kukhulupirira yekha kuti mawu ake ndi opepuka.

Tikafika apa wina amati, "Zala sizifanana." N'zoona, ndipo Chikhulupiriro cha Bahá'í sichiphunzitsa kuti anthu onse adzakhala ndi chuma chofanana ndendende. 'Abdu'l-Bahá anafotokoza kuti maluso ndi maudindo adzakhala osiyana, ndipo anapereka chitsanzo cha gulu la asilikali, limene silingakhale la akuluakulu okhaokha. Chimene anakana ndi kulemera kopyola muyezo pafupi ndi umphawi wogonetsa ana ndi njala. Ananena kuti malamulo a dziko ayenera kuchepetsa mpata umenewu, kuti antchito azilandirako gawo la phindu la kampani pamwamba pa malipiro, ndiponso kuti kukonza chuma kuyambire kwa mlimi. Ine ndimaona kuti mwambi wa zala uja timauthamangira kwambiri tikakhala kuti chala chachitalicho ndi ife.

Kusiyana udindo ndi nkhani ina, mtengo wa munthu pamaso pa Mulungu ndi nkhani inanso. Mbiri ya Chikhulupiriro ili ndi chitsanzo chimene tiyenera kukhalapo kanthawi. Mu 1844 Mullá Husayn anafika mu mzinda wa Isfahán ku Persia ndi uthenga wa Báb. Mzindawu unali wodzaza ndi akatswiri a chipembedzo amene anathera zaka zambiri m'mabuku. Woyamba kulandira uthengawo sanali mmodzi wa iwo. Anali Ja'far, munthu wosefa tirigu, ntchito yafumbi yosapatsa ulemu. Patapita zaka zinayi, atamva kuti okhulupirira anzake azingidwa ku Shaykh Tabarsí, ananyamuka sefa yake ili m'manja, ndipo anakafera komweko. Báb anamutchula m'Zolemba Zake. Bahá'u'lláh nayenso, mu Kitáb-i-Aqdas, anamuika pambali pa mtsogoleri wamkulu wachipembedzo wa nthawiyo, amene ankalemba malamulo a Mulungu usana ndi usiku koma sanazindikire Mthenga atabwera. Ja'far akanafika pa maliro athu, tikanamulozera mphasa.

Bahá'u'lláh Mwiniwake anabadwira mbali inayo. Bambo Ake anali nduna kunyumba ya mfumu, ndipo atamwalira udindo wa m'boma unaperekedwa kwa Iye, koma anaukana. Anthu a ku Tihrán ankamutcha Tate wa osauka. Choncho phunziroli si lodana ndi olemera. Mu Epulo 1912 'Abdu'l-Bahá ali ku New York ankalandiridwa m'nyumba za anthu achuma, koma usiku wina anapita ku Bowery Mission kukacheza ndi amuna mazana angapo osowa pogona. Atatha kulankhula anaima pakhomo, n'kugwira chanza aliyense ndi kumusiyira ndalama m'dzanja.

Malamulo ena amene timawaona ngati ang'onoang'ono amalunjika pamenepa. Tilibe ansembe. Kupsompsona dzanja la munthu pomugonjera n'koletsedwa. Ntchito iliyonse yogwiridwa ndi mtima wotumikira ndi kupembedza, kaya ndi ya mu ofesi kaya ndi youmba njerwa. Posankha anthu 9 a Bungwe Lauzimu pa Ridván palibe wotchula maina, palibe wokopa mavoti. Zopereka ku Thumba sizilengezedwa kuti wakuti wapereka zingati.

Komabe malamulowa satichotsera chizolowezi chimene tinakula nacho. Titha kuvota mwachinsinsi n'kumalembabe okhawo odziwa Chingerezi. Pa Phwando la Masiku 19 titha kunena kuti aliyense alankhule, koma mlembi n'kumalemba mfundo za abwana basi, za agogo ogulitsa makala n'kungozigwedezera mutu. Mwina Phwandolo limachitikira kunyumba za malata ndi simenti zokhazokha, chifukwa wa nyumba yaudzu amachita manyazi kutiitana, ndipo ifenso sitinamufunsepo.

Musanapitirire ku gawo lotsatira, kambiranani izi. M'miyezi itatu yapitayi, Phwando lachitikira kunyumba za yani? Ndani m'gulu lathu lino amene sanalankhulepo kuyambira pamene tinatsegula bukuli, ndipo timamukhazika pati? Amene muli ndi wantchito pakhomo, kodi amadyera kuti?