Phunziro 8: Kugula Masipeya a Galimoto ndi Njinga Yamoto

Kodi pakhomo panu pali njinga yamoto ya kabaza? Kapena gulu lanu la alimi lidasonkherana ndi kugula kapikapu kotengera mbewu ku msika? Mwina mwana wanu amayendetsa minibasi. Ngati ndi choncho mukudziwa kale kuti chinthu cha injini chimadya ndalama kawiri, pochigula ndi pochikonza. Tsiku lina makaniko adzapukuta manja ake ndi kunena kuti, "Bambo, beringi yatha, pitani mukagule ina." Tsono mudzapita kuti? Nanga mudzadziwa bwanji kuti chimene akupatsanicho ndi chabwino?

Ogulitsa masipeya alipo a mitundu itatu. Oyamba ndi masitolo akuluakulu amene ali nthumwi za kampani yopanga galimotoyo. Katundu wawo ndi weniweni, koma mtengo wake ndi woboola m'thumba. Achiwiri ndi masitolo a m'tauni, monga amene ali ndandanda ku Limbe kapena ku Malangalanga mu Lilongwe. Iwowa amagulitsa masipeya atsopano ochokera ku mafakitale osiyanasiyana. Pa shelefu imodzi mupezapo abwino, apakatikati, ndi achabe. Achitatu ndi a kaunjika, amene amagulitsa zitsulo zomasula ku galimoto zakufa. Otere mukawapeza ambiri ku Biwi mu Lilongwe ndi ku Ndirande mu Blantyre.

Anthu ambiri amafunsa kuti, "Mwa atatuwa wabwino ndani?" Funso limeneli lilibe yankho limodzi. Sitolo yoyenera kugulako chitseko si ndiyo yoyenera kugulako mabuleki.

Yambani ndi kuwerenga nambala

Musananyamuke, tengani kope lanu ndi pensulo. Apa ndi pamene sukulu ya kwacha ija ikuthandizeni.

Galimoto iliyonse ili ndi nambala ya chasisi. Idalembedwa m'bulu buku, ndiponso pa kachitsulo kamene adakhomera pafupi ndi injini kapena pa mphuthu ya chitseko. Galimoto zambiri za kuno zimabwera zitagwirako kale ntchito ku Japan. Nambala yawo imayamba ndi zilembo zosonyeza mtundu weniweni wa galimotoyo. Mwachitsanzo, NZE121 ndi Corolla ya injini ya 1500cc imene adayamba kupanga m'chaka cha 2000. Koma Corolla ina idapangidwa ku Durban ku South Africa, ndipo zitsulo zake zina ndi zosiyana. Mukangonena kuti "ndikufuna za Corolla" wogulitsa adzakupatsani chimene chili pafupi ndi dzanja lake. Lembani nambala yonse, chilembo ndi chilembo, osadumpha.

Chitsulo chakuthacho nachonso chili ndi nambala yake. Chipukuteni ndi kansanza muone. Pa beringi mukhoza kupeza 6203. Beringi iliyonse ya 6203 padziko lonse ili ndi muyeso umodzi: bowo lake ndi mamilimita 17, ndipo kunja kwake ndi mamilimita 40. Ya 6202 ndi yocheperapo, bowo lake ndi mamilimita 15. Kusiyana kwake ndi nambala imodzi yokha ya kumapeto, koma inayo siingalowe pamalo pa inzake. Ngati patsogolo pa nambalayo, kudzanja lamanja, alembapo 2RS, ndiye kuti beringiyo adaitseka ndi labala mbali zonse ziwiri kuti fumbi ndi madzi zisalowe. Pa misewu yathu yafumbi imeneyo ndiyo yofunika.

Chitsulo chakalecho nyamulani m'kathumba mupite nacho. Mukachiika pambali pa chatsopano maso anu adzaona okha ngati mabowo akugwirizana.

Tiyeni tiwerengere pamodzi

Fikani m'masitolo atatu musanagule. Pa sitolo iliyonse lembani dzina la fakitale imene idapanga chitsulocho ndi mtengo wake. Musachite manyazi kutuluka osagula. Ndalama ndi zanu. Ndiponso musadalire mtengo umene mnzanu adagulira chaka chatha. Masipeya pafupifupi onse amachokera kunja, tsono kwacha ikagwa mitengo imakwera. Mukumbukira m'mene zinthu zidadumphira mu November 2023, pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti.

Tsopano tiyerekeze. Mitengo iyi ndi yongophunzirira masamu. Mukufuna mapadi a mabuleki a minibasi. Sitolo yoyamba akuti K19,000. Sitolo yachiwiri akuti K45,000. Mtima uthamangira ku yoyamba, si choncho? Dikirani pang'ono.

Makaniko amalipiritsa K5,000 pomanga. Choncho mapadi otchipa aja akudyerani K19,000 kuphatikiza K5,000, zonse pamodzi K24,000. Tinene kuti atha pa miyezi 3. Gawani K24,000 ndi 3. Yankho ndi K8,000 pa mwezi.

Mapadi odula aja akudyerani K45,000 kuphatikiza K5,000, zonse pamodzi K50,000. Tinene kuti akhala miyezi 10. Gawani K50,000 ndi 10. Yankho ndi K5,000 pa mwezi.

Kodi tsopano otchipa ndi ati? Ndipotu sitinawerengere zonse. Tsiku limene minibasi ili ku galaja siinyamula munthu, koma dalaivala ndi kondakitala adya ndithu. Pa miyezi khumi ija, mwini mapadi otchipa aimika galimoto katatu, mnzake kamodzi. Komanso mapadi achabe akatha mosayembekezeka, chitsulo chake chimakanda disiki ya gudumu, ndipo disiki ndi yodula kuposa mapadi.

Mwina mufunsa kuti, "Nanga ndidziwa bwanji miyezi imene chitsulo chidzakhale ndisanachigule?" Funso labwino. Wogulitsa sangakuuzeni zoona zonse, pakuti iye akufuna malonda. Funsani madalaivala anzanu pa siteji, awiri kapena atatu, osati mmodzi. Koma mboni yoposa onse ndi kope lanu lomwe. Nthawi iliyonse mukamanga chitsulo lembani tsiku, dzina lake, sitolo, ndi mtengo. Chikatha lembaninso tsiku. Pakutha pa chaka kope lija lidzakuuzani sitolo ya chilungamo.

Bokosi lokongola

Pamenepa wina anganene kuti, "Basi, ndizingogula zodula." Ayi, si zimene ndikunena. Mtengo wokwera si umboni. Alipo ogulitsa ena amene amaika chitsulo chabodza m'bokosi lolembedwa dzina lotchuka, ndi kuchitchula mtengo wa chenicheni. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Bokosilo liwerengeni modekha. Kodi zilembo zake ndi zooneka bwino kapena zofufutika? Kodi dzina lalembedwa molondola? Achinyengo amakonda kusintha chilembo chimodzi, podziwa kuti ambiri a ife timangoona mtundu wa bokosi osawerenga. Nambala ya pa bokosi ifanane ndi ya pa chitsulo. Kenaka tulutsani chitsulocho. Chinyamuleni m'dzanja limodzi, chakale chija m'dzanja linalo. Fyuluta ya oyilo yopepuka ngati chitini cha machesi ikayikireni. Beringi yatsopano izungulire mosalala, osati ngati muli mchenga. Wogulitsa akakana kuti mutsegule bokosi, tsazikani.

Pali chinsinsi china chimene makaniko odziwa ntchito amachidziwa. Kampani yopanga galimoto siipanga yokha zitsulo zonse. Zambiri imagula ku mafakitale ena. Mwachitsanzo, Denso ndi Aisin amapangira Toyota zitsulo zambiri. NGK amapanga mapulagi, KYB amapanga mashoko, Koyo amapanga maberingi. Mafakitale amenewa amagulitsanso katundu m'mabokosi a dzina lawo, kawirikawiri pa mtengo wotsikirapo kusiyana ndi wa kwa nthumwi. Kwa munthu wa ndalama zochepa, ine ndiona kuti njira yabwino ndi imeneyi, malinga mwapeza sitolo yokhulupirika, pakuti maina omwewa nawonso achinyengo amawabera.

Za kaunjika

Kaunjika musamunyoze. Chitseko, boneti, galasi, nyali, mpando, limu: zonsezi mukhoza kugula kumeneko ndi mtima pansi, chifukwa chilema chake chimaoneka ndi maso. Nthawi zina chitsulo chenicheni chomasula ku galimoto ya ku Japan chimaposa chatsopano chachabe.

Injini ndi giyabokosi ndi nkhani ina. Zimenezi m'kati mwake simuonamo. Pitani ndi makaniko wanu, ndipo mupangane ndi wogulitsa masiku oyesera. Panganolo lilembedwe pa pepala, nambala ya injini ikhalepo, nonse musaine. Pangano la pakamwa limauluka ndi mphepo.

Koma pali zitsulo zina zimene zimasunga moyo. Ndikunena mapadi a mabuleki, mapaipi a mafuta a mabuleki, ndi timfundo ta chiwongolero timene timagwira magudumu a kutsogolo. Izi gulani zatsopano, za fakitale yodziwika, ngakhale thumba lidandaule. Nyali ikafa mufika kwanu mochedwa. Mabuleki akakana pa mapiri a Chiweta, m'galimotomo muli ana a eni ake. Inu a kabaza, amene wakwera kumbuyoyo alibe chitseko chomutchinjiriza. Ngati ndalama sizikukwana lero, ndi bwino njinga igone masiku awiri.

Inu a njinga yamoto kumbukiraninso ichi: tcheni chikatha, sinthani pamodzi ndi masipuloketi onse awiri. Mano akutha a sipuloketi yakale amadya tcheni chatsopano msanga, ndipo mudzanamizira sitolo kuti idakugulitsani chachabe.

Chenjezo lina. Munthu akakutsatirani kuseri ndi galasi kapena batire la mtengo wotsika modabwitsa, dzifunseni kuti walitenga kuti. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu, ndipo apolisi akafika wogulitsa uja simudzamuonanso.

Tayala limanena lokha zaka zake

Ambiri amagula matayala a kaunjika poona mizere yokha. Koma labala imakalamba ngakhale tayala lisanayende. Yang'anani m'mbali mwake pamene alemba DOT. Kumapeto kwa mzere umenewo kuli manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Mukaona 3522, ndiye kuti lidapangidwa sabata ya 35 m'chaka cha 2022. Opanga matayala amalangiza kuti tayala likakwana zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka labwino. M'kati mwa mizere mulinso timizere topingasa totalika mamilimita 1.6. Tayala likadyeka mpaka kulingana ndi timizere timeneti, latha. Chenjeraninso ndi matayala amene anthu ena amawasema ndi mpeni kuti mizere ioneke yakuya. Otere amaphulika pa liwiro.

Musachoke opanda lisiti

Musanapereke ndalama funsani kuti, "Chikapanda kulowa, kodi mundisinthira?" Wogulitsa akavomera, alembe pa lisiti. Lisitilo likhale ndi dzina la sitolo, tsiku, dzina ndi nambala ya chitsulo, ndi mtengo. Liwerengeni muli pomwepo. Mukaona kuti angolemba mtengo wokha, apempheni mwaulemu awonjezere zotsalazo.

M'masitolo ena mudzaona chikwangwani chakuti katundu akatuluka sabwezedwa. Dziwani kuti malamulo a dziko lino salola wamalonda kukana udindo pa katundu amene wagulitsa ali woonongeka. Bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula. Koma kumeneko adzayamba kukufunsani lisiti. Ndiponso ngati mwagula chitsulo cholakwika chifukwa simudalembe bwino nambala, ndiye kuti mwatsala pa chifundo cha mwini sitolo.

Za makaniko ndinenepo pang'ono. Ambiri ndi anthu okhulupirika, ndipo maso awo amaona zimene ife sitiona. Komabe alipo ena amene amalandira kangachepe ku sitolo imene amatumizako anthu. Tsono pitani naye limodzi, iye asankhe, koma ndalama mupereke nokha ndi kusunga lisiti. Akamanga chatsopano, akubwezereni chakale. Amayi amene mumasunga thumba la gulu, izi zikukhudzani kwambiri, popeza pa msonkhano anzanu adzafuna kuona pamene padapita ndalama zawo.

Ntchito yoti muchite

Tsegulani tsamba latsopano m'kope lanu. Jambulani mizere kuti pakhale magawo asanu: Tsiku, Chitsulo, Sitolo, Mtengo, Tsiku lotha. Kenaka yankhani mafunso awa, ndipo mukambirane ndi anzanu m'kalasi.

1. Tcheni ndi masipuloketi a K21,000 akhala miyezi 4. Ena a K33,000 akhala miyezi 9. Makaniko amalipiritsa K3,000 pomanga. Kodi aliwonse akudya ndalama zingati pa mwezi?

2. Pa tayala alemba 0817. Kodi lidapangidwa sabata iti, chaka chiti? Lili ndi zaka zingati tsopano? Inu mungaligule?

3. Pezani galimoto kapena njinga yamoto m'mudzi mwanu. Pemphani mwini wake akuonetseni nambala ya chasisi. Ikopereni m'kope, ndipo mnzanu aone ngati simunadumphe chilembo.