Phunziro 6: Kuitanira Anthu ku Ziwawa ndi Mlandu

Munthu akaima pa msonkhano n'kunena kuti anthu a mtundu wakutiwakuti amenyedwe, kapena kuti masitolo awo atenthedwe, wapalamula kale mlandu ngakhale iye mwini asanatole mwala. Gawo 87 la malamulo a milandu, aja amati Penal Code, likunena kuti wouza gulu la anthu kuti n'koyenera kupha, kuvulaza kapena kuononga katundu wa munthu, ngakhalenso wa gulu lina la anthu, angathe kumangidwa ndi kuzengedwa mlandu kukhoti. Nalo Gawo 20 la Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 likuletsa tsankho la khungu, mtundu, chilankhulo ndi chipembedzo, ndipo likulola Nyumba ya Malamulo kuika chilango kwa ofalitsa tsankho lotere.

Ena a ife tikamva za lamulo lokhudza zoyankhula timachita nthumanzi, pokumbukira nthawi ya chipani chimodzi pamene munthu ankatengedwa usiku chifukwa cha pakamwa pake. Tisasokoneze zinthu ziwiri. Malamulo aja amene ankalanga munthu chifukwa choyankhula zoipira boma, aphungu anawachotsa m'chaka cha 2022 ku Nyumba ya Malamulo ku City Centre. Kudzudzula nduna ndi ufulu wathu, wolembedwa m'Gawo 35. Kutsutsa mwaulemu chiphunzitso cha mpingo wina si mlandu. Mlandu umayamba pamene mawu akutuma anthu kukapweteka anzawo.

Chifukwa chake cha lamuloli tisakachifune kutali. Mu Okutobala 1967 boma linaletsa mpingo wa Mboni za Yehova, amene anthu ake ankakana kugula makadi a chipani. Mu Seputembala 1972 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party ku Zomba unagwirizana kuti a Mboni achotsedwe ntchito ndi kupirikitsidwa m'midzi. Akuluakulu amene anakhala pa msonkhanowo sananyamule zibonga. Anangoyankhula, anthu n'kuwaombera m'manja. Ntchito yomenya ndi kutentha nyumba anaigwira anyamata a Youth ndi a Payoniya, ndipo kawirikawiri anali ana a m'mudzi momwemo, odziwa bwino khomo la aliyense. Anthu pafupifupi 20,000 anathawira ku Sinda Misale, kum'mawa kwa Zambia. Patapita zaka zochepa ena anatsekeredwa ku Dzaleka m'boma la Dowa, kumene nthawi imeneyo kunali ndende. Chiletsocho chinachotsedwa pa 12 Ogasiti 1993, patatha zaka pafupifupi 26.

Tsono tiyang'ane mzinda wathu wa Lilongwe. Tikayenda mu Old Town, kuchokera pa depoti kudzera mu Malangalanga mpaka pa mlatho, tidutsa sitolo ya Mmwenye, msikiti, mayi wa ku Mzimba wogulitsa kaunjika ndi mnyamata wa ku Mulanje wopalasa kabaza. Onsewa amadya pa msika umodzi, ndipo ndalama ikasowa nkosavuta kuloza chala mmodzi wa iwo. Mu Meyi 2023 apolisi anasonkhanitsa anthu othawa kwawo amene ankakhala ndi kuchita malonda mumzinda muno, ambiri a ku Rwanda, Burundi ndi Congo, nawasunga ku ndende ya Maula asanawatengere ku Dzaleka kuja, kumene tsopano ndi kampu ya othawa nkhondo. Ngati boma linachita bwino kapena ayi, imeneyo ndi nkhani imene tingatsutsane momasuka. Koma wonena kuti "atilanda malonda, tiyeni tikawathyolere" sakuperekanso maganizo ayi, akutuma anthu.

Anzathu a ku Lusaka anazionera okha mu Epulo 2016. Kunafala mphekesera yoti amalonda a ku Rwanda ndiwo ankapha anthu pofuna zizimba. Masitolo ambiri anathyoledwa, ndipo anthu awiri anatenthedwa amoyo. Apolisi atafufuza anapeza kuti awiriwo anali nzika za Zambia yomweyo.

Masiku ano msonkhano suchitikira pa bwalo la Masintha pokha. Uli m'foni. Lamulo la 2016 loona zochitika pa intaneti likulola kuletsa mauthenga odzutsa chidani cha mitundu kapena ziwawa. Wojambula mawu otere akhoza kukhala phee kuseri kwa mpanda wa njerwa ku Area 10 kapena ku Area 43, mlonda ali pa geti, pamene wokaponya mwala n'kukagona m'chitolokosi ndi mwana wa ku Mtandire kapena ku Chinsapo. Ichi ndicho chifukwa chake lamulo limafika kwa woyankhulayo, osati kwa woponya yekha. Dandaulo limene timalimva kawirikawiri ndi loti malamulo otere amaluma msanga otsutsa boma, koma amachedwa kwa a chipani cholamula. Dandaulo limeneli ndi lofunika kulinena poyera, pakuti Gawo 87 silitchula chipani.

Uthenga wotere ukafika pa foni yathu tisautumize kwa ena, ngakhale pofuna kuwachenjeza. Tiusunge ngati umboni, tikanene ku polisi ya ku Area 3 kapena ku bungwe la Malawi Human Rights Commission. Ngati mawuwo anenedwa pa msonkhano kapena pa maliro, tilembe tsiku, malo ndi mawu enieniwo tisanaiwale.

Zokambirana m'magulu: kodi m'dera lathu muli maina otani amene timaitanira anthu a mitundu ina kapena a zipembedzo zina? Ndi ati mwa mainawo amene sitingawatchule eni ake ali pomwepo?