Maselo akufa akapanda kusesedwa m'thupi

Tsiku lililonse maselo mabiliyoni ambiri amafa m'thupi mwanu, ndipo si matenda ayi. Selo likakalamba kapena likawonongeka limadzipha lokha mwadongosolo: limafota, kenako n'kugawika timatumba tomangidwa bwino. Imfa yotereyi anaitcha apoptosis mu 1972 akatswiri atatu, Kerr, Wyllie ndi Currie, ku Aberdeen m'dziko la Scotland.

Nanga mitemboyo imapita kuti? Ganizani za msika wa Limbuli madzulo, makoko a nthochi ndi nanazi ali mbwee. Akasesa msanga palibe vuto, koma akagona masiku atatu, ntchentche zake! Osesa a m'thupi ndi maselo otchedwa macrophage. Selo lomwe likufa limatulutsa kunja mafuta ena otchedwa phosphatidylserine, omwe nthawi zonse amakhala mkati, ndipo macrophage ikawaona imameza selolo mwakachetechete.

Kusesaku kukachedwa, timatumba tija timaphulika. DNA ndi mapuloteni a mu nyukiliyasi zimatayikira pamtunda, asilikali a m'thupi n'kuziyesa mdani, n'kuyamba kupanga ma antibody olimbana ndi thupi lomwelo. Ichi ndi chimodzi mwa zoyambitsa matenda a lupus. Umboni womwe umandigwira mtima ine ndi uwu: mwa anthu obadwa opanda C1q, puloteni yoika chizindikiro pa maselo akufa kuti amezedwe, pafupifupi 9 mwa 10 alionse amadwala lupus.

Ena mufunsa kuti mphunzitsi wa fizikisi walowa bwanji m'munda wa bayoloje. Ndalowera pa dzuwa. Mukukumbuka electromagnetic spectrum? Kuwala kwa ultraviolet kuli ndi frequency yokwera kuposa kuwala komwe timaona, choncho kuli ndi mphamvu zowononga DNA ya maselo a pakhungu. Maselowo amafa ambiri nthawi imodzi, osesa ofooka aja ntchito n'kuwakulira. N'chifukwa chake wodwala lupus akakhalitsa padzuwa amatuluka zidzolo m'masaya ndi pamphuno zooneka ngati gulugufe, nthendayo n'kuyambiranso. Ndiye taganizirani mayi wodwala chonchi amene amaswera m'munda wa tiyi. Chipewa chachikulu ndi malaya aatali manja kwa iye ndi mankhwala ndithu.

Mwa odwala 10 alionse, pafupifupi 9 ndi akazi, ambiri a zaka zobereka, ndipo nthendayi imavuta kwambiri anthu akuda. Lupus sapatsirana, komanso si kulodzedwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti amayamba ngati malungo: kutentha thupi, kuphwanya m'mfundo, kutopa. Munthu amangomwa mankhwala a malungo miyezi n'kumapita, uku impso zikuwonongeka. Ngati kuchipatala ayeza kangapo osapeza malungo, koma tsitsi likuthothoka kapena miyendo ikutupa, auzeni adokotala zonsezo pamodzi, osabisako.

Mankhwala omwe odwala ambiri amapatsidwa ndi hydroxychloroquine, m'bale wake wa chloroquine uja amene dziko la Malawi linasiya kuchizira malungo mu 1993.