PHUNZIRO 7: MAJUMBO AMENE TIMATAYA AMABWERERA M'MIMBA MWATHU

Cholinga cha phunziroli

Tikamaliza phunziroli tikhale titadziwa:

1. kumene mapulasitiki amapita tikawataya;
2. zimene akatswiri a kafukufuku apeza zokhudza mapulasitiki ndi matumbo a munthu;
3. zimene lamulo likunena, ndi zimene ife eni ake tingachite pa banja, mu mphakati ndi m'mudzi.

Mau oyamba

Abale ndi alongo, aliyense amene wayendapo mu msika wa Balaka, pa Ulongwe, pa Phalula kapena pa depoti ya Liwonde akudziwa kuti majumbo ali ponseponse: m'ngalande, m'minda, ngakhale pa minga ya mitengo. Timanyamuliramo tomato, usipa ndi tchipisi za pa chiwaya, ndipo tikafika kunyumba timangowaponya kuseri. Makolo athu nawonso ankataya zokulungira zao, koma anali masamba a nthochi ndi makoko a chimanga, zinthu zimene chiswe chinkadya mvula isanathe. Jumbo chiswe sichidya.

Lipoti lina la mu 2019 linati m'dziko muno mumapangidwa matani 75,000 a mapulasitiki pa chaka, ndipo magawo 80 mwa 100 ndi ogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya. Kodi onsewa amathera kuti? Akuluakulu anati choipa chitsata mwini. Tiona m'phunziroli kuti ena mwa iwo amatibwerera kudzera pakamwa.

1. Jumbo siola, imangonyenyeka

Jumbo ikakhala pa dzuwa la kuno ku Balaka imauma, imang'ambika, kenaka imanyenyeka. Ife timati yatha, koma siinathe ai. Yangosanduka tizidutswa ting'onoting'ono. Akatswiri amatchula tizidutswa tosafika mamilimita 5 kuti microplastics. Tina n'tating'ono kuposa kanjere ka mchenga, tina sitioneka konse ndi maso.

Tizidutswati timachokeranso ku matumba akale a feteleza, zigubu zothetheka ndi dzuwa, maukonde a asodzi, matayala a galimoto amene amaperepeseka pa mseu, ndi ulusi wa zovala za nayiloni pamene tikuchapa. Mphepo imatiulutsa pamodzi ndi fumbi mpaka pa ufa umene tayanika. Mvula imatikokolola kupita m'zitsime zosavundikira ndi m'mitsinje monga Rivirivi, umene umakathira mu Shire. Kumeneko nsomba zimatimeza poyesa chakudya.

2. M'matumbo mwathu muli antchito osaoneka

Tisanaone zimene tizidutswati timachita, tiyambe tadziwa za matumbo. M'matumbo a munthu aliyense mumakhala tizilombo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, ndipo tochuluka mwa ito n'tothandiza. Timagaya zakudya zimene mimba siingathe kugaya payokha, timapanga mavitamini ena, timalimbikitsa chitetezo cha m'thupi, ndiponso timatsekereza tizilombo toyambitsa matenda kuti tisapeze malo. Khungu la m'kati mwa matumbo lili ngati sefa: limalowetsa chakudya m'magazi, n'kutsekera zoipa kunja.

Zina mwa zimene dziko lapansi likudziwa pa nkhaniyi zinaphunziridwa kuno kwathu. Mu 2013 akatswiri a Washington University ya ku St. Louis, pamodzi ndi anzao a ku College of Medicine ku Blantyre, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa mapasa a m'mabanja 317 a m'chigawo cha kummwera. Nthawi zina mwana mmodzi ankatupikana pomwe mnzake ali bwino, chonsecho akudya phala limodzi. Akatswiriwo anatenga tizilombo ta m'matumbo a mwana wodwalayo n'kutiika m'matumbo a mbewa zoyeserera. Mbewazo zitadya chakudya chonga cha kumudzi kuno zinaonda. Motero zinadziwika kuti kunyentchera sikubwera kaamba ka kuchepa kwa chakudya kokha. Matumbo akasokonezeka, mwana sapindula ndi chimene wadya.

Mu 2017 panatuluka zotsatira za kafukufuku wina amene anachitikira ku Limela m'boma la Machinga ndi ku Masenjere m'boma la Nsanje. Makanda amene ankawathirira ufa wa khobwe m'phala sanabwerere m'mbuyo kwambiri pa kakulidwe kao poyerekeza ndi anzao. Nkhaniyi n'njofunika, chifukwa kalembera wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 osafika zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira.

3. Zimene akatswiri apeza pa tizidutswa ta pulasitiki

Kafukufukuyu anayambira m'nyanja. Mu 2004 Richard Thompson wa ku University of Plymouth ku Britain anaonetsa kuti m'mchenga ndi m'madzi a m'nyanja zamchere muli tizidutswa totere. Kwa zaka zambiri nkhawa inali pa nsomba ndi mbalame. Kenaka akatswiri anatembenukira kwa munthu.

Mu 2018 madokotala a ku Vienna ku Austria anapima chimbudzi cha anthu 8 a m'maiko 8 osiyana. Onse anawapeza ndi tizidutswa ta pulasitiki, pafupifupi 20 pa magalamu 10 alionse. Mu 2021 akatswiri a ku Nanjing ku China anayerekeza anthu 52 odwala nthenda yotupa matumbo ndi anthu 50 abwinobwino. Chimbudzi cha odwalawo chinali ndi tizidutswa tochuluka kamodzi ndi theka kuposa cha anzao. Mu 2022 ku Amsterdam anatipeza m'magazi a anthu 17 mwa 22 amene anapimidwa.

Kafukufuku wina anafuna kudziwa njira imene timalowera. Mu 2020 akatswiri a ku Dublin ku Ireland anapeza kuti botolo la pulasitiki loyamwitsira mwana likathiridwa madzi otentha limatulutsa tizidutswa mamiliyoni pa lita imodzi, ndipo madzi akatenthetsetsa timachulukanso. Mu 2024 a Columbia University ku America anawerenga tizidutswa pafupifupi 240,000 pa lita imodzi ya madzi ogula a m'botolo. Pa mbewa zoyeserera, akatswiri aona kuti tizidutswati timasintha mitundu ya tizilombo tothandiza tija ndipo timachepetsa chinanda choteteza khungu la m'matumbo.

Tsono tisamale pomasulira zimenezi. Mbewa si munthu. Akatswiri a ku Nanjing aja ananena okha kuti mwina tizidutswa ndito timathandiza kuyambitsa nthendayo, mwinanso matumbo odwala kale ndiwo amasunga tizidutswa tambiri. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2019 kuti pakufunika kafukufuku wina, ndipo linachenjeza maiko kuti asaiwale mdani wodziwika kale, ndiye tizilombo ta matenda ta m'madzi akumwa. Choncho munthu akabwera ndi mankhwala ogulitsa n'kumati amatsuka mapulasitiki m'thupi, tisunge ndalama zathu. Chimene chatsimikizika n'chakuti tizidutswati timalowadi m'thupi, ndipo kutentha kumatichulukitsa.

4. Zoopsa zimene zili kale pakhomo

Ngakhale jumbo isananyenyeke, imaononga kale. Majumbo amatseka ngalande, madzi oipa n'kusefukira m'misika ndi m'zitsime. Akatswiri a University of Stirling ya ku Scotland, amene akhala akugwira ntchito ndi a sukulu ya ukachenjede ya MUBAS ku Blantyre, anaonetsa kuti tizilombo ta kolera timamatirira pa zinyalala za pulasitiki, timakhalapo ndi moyo kwa masiku ambiri, ndipo madzi osefukira akafika timabwereranso m'madzimo.

Ife a Balaka ndi Machinga kolera timaidziwa. Mliri waukulu umene unalengezedwa pa 3 March 2022 unayamba ndi wodwala amene anapezeka pa chipatala cha boma cha Machinga ku Liwonde. Pofika mu 2023 unali utafika m'maboma onse, utagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Kolera imayamba ndi chimbudzi cholowa m'madzi kapena m'chakudya, koma mulu wa majumbo ndi matewera otaya pafupi ndi mjigo umaipatsa pobisala.

Ziweto nazonso zikuvutika. Mbuzi imameza jumbo chifukwa cha fungo la mchere ndi mafuta. Jumboyo siigayika, imapota m'chifu, mbuzi imaonda mpaka kufa. Kafukufuku wa ku Mponela m'boma la Dowa anapeza mapulasitiki m'mimba mwa ziweto 40 mwa 100 zimene zinaphedwa kumeneko. Mbuzi imodzi ikafa, fizi ya mwana yapita.

Pali zoipa zinanso zolowera pakamwa zimene sitiyenera kuziiwala kuno kolima thonje. Botolo limene munali mankhwala opopera thonje silitsukika ndi sopo, choncho lisasungire mchere, mafuta ophikira kapena thobwa. Chimanga ndi mtedza zikasungidwa zisanaumitsitse zimachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amaononga chiwindi. Kuphika sikumuthetsa.

5. Lamulo likuti chiyani?

Gawo 13 la malamulo oyendetsera dziko lino limalamula boma kusamalira chilengedwe kuti anthu akhale ndi kugwira ntchito pa malo aukhondo. Mu 2015 boma linaletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikuloni 60, ndiye kuti opyapyala kuposa tsitsi limodzi la anthu ambiri. Makampani opanga majumbo anakasuma ku khoti ndipo chiletsocho chinaimitsidwa. Nzika wamba ndi mabungwe sanagone. Mmodzi mwa iwo, mai Gloria Majiga-Kamoto, analowa m'nkhondoyi ataona mbuzi za alimi zikufa ndi majumbo. Pa 31 July 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti chiletsocho n'chovomerezeka, ndipo mu 2021 maiwa analandira mphoto ya Goldman kaamba ka ntchitoyi. Milandu ina inachedwetsabe zinthu kufikira mu January 2025, pamene khoti la ku Lilongwe linakana pempho la makampani, ndipo bungwe loteteza chilengedwe la MEPA linayamba kukhwimitsa lamuloli mu February chaka chomwecho.

Taonani: kuchokera 2015 kufika 2025 ndi zaka khumi. Lamulo lolembedwa pa pepala siligwira ntchito lokha ngati eni dziko angokhala chete. Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, anatikumbutsa kuti dziko ndi mudzi wathu tonse, ndipo anadzudzula chizolowezi chogwiritsa ntchito chinthu kamodzi n'kutaya.

6. Tichitepo chiyani?

Pa banja:

- Tisaike chakudya chotentha m'jumbo. Pokagula tchipisi, phala kapena nyemba zophika titenge mbale kapena kontena yachitsulo.
- Tisavundikire mpunga, mbatata kapena chinangwa ndi jumbo pa moto. Tsamba la nthochi ndi chivundikiro zilipo.
- Tisakolezere mbaula ndi pulasitiki. Utsi wake ndi poizoni, ndipo amene amaupuma kwambiri ndi amai ndi mwana ali kumbuyo.
- Madzi akumwa tiwasefe ndi nsalu yoyera, tithire klorini kapena tiwiritse, tisunge mu mtsuko kapena ndowa yovundikira, pa mthunzi.
- Mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6. Akayamba phala tizithiramo ufa wa khobwe, nyemba kapena nsinjiro za mtedza wosankhidwa bwino.
- Popita ku msika tinyamule dengu kapena chikwama cha nsalu.

Mu mphakati ndi m'mudzi:

- Pa maukwati, pa maliro ndi pa zikondwerero za parishi tigwiritse ntchito mbale ndi makapu otsuka.
- Tisankhe tsiku lotola majumbo kuzungulira mjigo, sukulu ndi tchalitchi. Zinyalala zoola zipite ku kompositi, mapulasitiki akhale padera kutali ndi madzi ndi ziweto.
- Tipemphe alangizi a zaumoyo kuti adzatiphunzitse kathiridwe koyenera ka klorini.
- Kudzera kwa amfumu, komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi akhansala, tifunse khonsolo kuti ndalama za ziphaso za mu msika zikuthandiza bwanji pa kuchotsa zinyalala. Kufunsa mwaulemu si chipongwe, ndi udindo wa nzika.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi banja lathu limabweretsa majumbo angati pa sabata? Amathera kuti?
2. Makolo athu ankanyamulira ndi kusungira zinthu m'chiyani? N'ziti zimene tingazibwezeretse?
3. Mai wogulitsa mandasi kapena mnyamata wa pa chiwaya amadalira jumbo kuti apeze chakudya cha ana ake. Tingamuthandize bwanji kusintha popanda kumuphera bizinesi?
4. Ndi malo ati m'mudzi mwathu amene zinyalala zili pafupi ndi madzi akumwa? Tikaonana ndi yani, ndipo liti?

Mau otsiriza

Akatswiri apitiriza kufufuza, ndipo zaka zikubwerazi tidzamva zambiri. Koma mwana amene akukwawa pabwalo lero sangadikire kuti kafukufuku athe. Matumbo ake akukula tsopano, ndipo chimene chikulowa m'kamwa mwake chili m'manja mwathu. Mutu umodzi susenza denga: mphakati uliwonse usankhe chinthu chimodzi mwa zimene takambiranazi, ulembe maina a oyang'anira, ndipo pa msonkhano wa mwezi wa mawa udzafotokoze pamene wafika.