Mabatani Atatu Osungira Ntchito Yanu pa Kompyuta

Kwa inu akalaliki a za nsomba, za chipatala ndi za sukulu ku Mangochi Boma, Monkey Bay, Malindi, Namwera ndi Makanjira.

Magetsi kuno satsanzika akamathima. Amene mwatandala mukulemba kuchuluka kwa usipa, utaka ndi chambo chofika pa doko muyenera kukopera ntchitoyo pa fulashi musanaweruke, koma ambiri mumati mawa chifukwa kufufuza mafoda n'kotopetsa. Kompyuta ikhoza kukuchitirani zimenezi mukangodina mabatani atatu pamodzi.

Kakonzedwe kake

Skiripiti ndi kafayilo ka malamulo kamene kompyuta imatsatira yokha. Tsegulani Notepad, lembani mizere iwiri iyi, n'kusunga pa dzina loti sunga.bat:

robocopy C:\Malipoti S:\Malipoti /E
pause

Apa C:\Malipoti ndi foda imene mumasungamo ntchito yanu, ndipo S ndi chilembo cha fulashi chimene tifotokoze m'munsimu. Dinani sunga.bat ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Send to, kenako Desktop. Pa kachizindikiro kamene kabwerako tsegulani Properties, ndipo pa Shortcut key dinani K. Windows iwonjezera yokha Ctrl ndi Alt. Kachizindikiroko kasachoke pa Desktop kapena mu Start menu, apo ayi mabatani sagwira. A Ubuntu apite ku Settings, Keyboard, Custom Shortcuts, ngakhale skiripiti yawo imalembedwa mwina. Basi! Ctrl, Alt ndi K, ntchito ya tsiku lonse yalowa m'fulashi musanamalize n'komwe kumanga chikwama. Amene wayesapo sabwereranso kukoka mafoda ndi mausi.

Chenjezo: musalembe /MIR

Apa ndi pamene tikuona misozi m'maofesi. Skiripiti zina zimene anthu akupatsana pa WhatsApp zili ndi /MIR pamene ife talemba /E. Wina akuuzani kuti imeneyo ndiye yabwino chifukwa siisiya zinyalala. N'zoona siisiya. Lamulo la /MIR limafananitsa mbali ziwirizo, ndiye chilichonse chimene chili pa fulashi koma mulibe mu foda ya pa kompyuta chimafufutidwa. Silifunsa, ndipo zofufutidwazo sizipita ku Recycle Bin.

Tiyerekeze kuti mnzanu wafufuta mwangozi lipoti la mwezi watha pa kompyuta. Inu simukudziwa, mwadina mabatani aja madzulo monga mwa nthawi zonse. Kope lokhalo limene linatsala pa fulashi lapitanso. Chimene munachikonza kuti chikupulumutseni ndicho chakumalizani.

Vuto limakula chifukwa cha chilembo cha fulashi. Windows imapatsa fulashi chilembo chimene chili chomasuka pa nthawiyo: lero E, mawa F. Tsono kompyuta ya ofesi kwathu kuno ndi ya mudzi wonse. Uyu wabwera ndi memori khadi ya nyimbo, uyo ndi zithunzi za ukwati, winanso akufuna kusindikiza kalata yofunsira ntchito. Sitikana kuthandizana, koma memori khadi ya mlendoyo ikatenga chilembo E, skiripiti yoloza pa E:\ yokhala ndi /MIR isesa zithunzi zonse za ukwati n'kuikamo malipoti a usipa. Mukamuuza chiyani mwini wake? Fulashi ya ntchito ikhale ya ntchito yokha, ndipo igone mu kabati, osati m'thumba la mwana wopita nayo kojambulitsa mafilimu.

N'chifukwa chake talemba S. Lowetsani fulashi yanu, tsegulani Disk Management, muipatse chilembo S. Kompyuta imeneyo izikumbukira, ndipo fulashi za alendo sizifika pa chilembo chakutali chotero. Mawu oti pause musawachotsenso: amaimitsa zenera lakuda limene limatseguka skiripiti ikamayenda kuti muwerenge ngati mafayilo akoperedwadi. Ndipo skiripiti iliyonse yokhala ndi del, format kapena /MIR musaipatse mabatani ngakhale pang'ono. Chigongono chimadina kiyibodi, mwana amadina, nsalu yopukutira fumbi nayonso imadina. Skiripiti imene mwapatsidwa muyambe mwaitsegula mu Notepad n'kuiwerenga. Ngati simukuimva, musaiyendetse.

Posankha batani lophatikiza ndi Ctrl ndi Alt pewani Delete ndi mivi, chifukwa pa makompyuta ena Ctrl, Alt ndi muvi zimatembenuza sikirini chadodolido.

Mtengo wake

Notepad ndi robocopy zili kale mu Windows, simulipira kanthu. Ofuna mabatani ambiri angatsitse AutoHotkey, pulogalamu yaulere imene inayamba mu 2003. Ndi yaing'ono, siidya bando kwenikweni, koma pa kompyuta ya boma yambani mwapempha a ICT. Chogula ndi fulashi yokha. Mtengo wake sitingautchule pano, poti chitsikireni kwacha mu November 2023 mitengo ya zipangizo zotere siikhazikika, ndipo wa pa Boma umasiyana ndi wa ku Monkey Bay. Zotchipitsitsa za pamsika zina zimanama kukula kwake, choncho funsani m'masitolo angapo. Ngati thumba la ofesi lilola, gulani ziwiri kuti muzisinthanitsa sabata ndi sabata, ndipo nthawi iliyonse mukasinthanitsa muziipatsanso chilembo S imene mwalowetsayo, inzake mutaizula, chifukwa Windows imakumbukira fulashi imodzi yokha pa chilembo chimodzi.